Mwana wa Eni Pageti la Yunivesiti

Mu Januwale 2019, mayi wina woyang'anira maphunziro a digiri yaciwiri pa Duke University ku America anatumiza imelo kwa ophunzira ake. Anati aphunzitsi anzake awiri anabwera ku ofesi kwake kudzadandaula kuti anamva ophunzira akukamba Cichaina mokweza pamalo opumulira, ndipo anafuna kudziwa maina awo kuti adzawakumbukire tsiku limene adzabwere kudzapempha nchito. Langizo la mayiyo linali lakuti ophunzirawo azikamba Cizungu nthawi zonse akakhala m'nyumba ya sukulu. Imeloyo inafalikira pa intaneti, ophunzira anakwiya, ndipo pasanathe masiku ambiri mayiyo anatula udindo.

Ife nkhani yotere siitidabwitsa. Tinakulira m'masukulu mmene kukamba citundu cako unali mlandu. Panali monita wolemba maina a okamba vernacular, ndipo cilango cinali kukumba dzenje la zinyalala kapena kuthirira dimba la sukulu anzako atapita. Kwathu ku Kaumbwe, kumwera kwa Petauke, mwana amakwera makwerero atatu. Kunyumba amakamba Cinsenga kapena Cicewa ca kumudzi, m'buku la giredi 1 amapeza Cinyanja ca kusukulu, ndipo mayeso amene adzamutsegulire khomo amabwera m'Cizungu. Akapambana zonsezi n'kufika ku Lusaka, angoti "newo" kamodzi, kalasi yonse yafa ndi phwete. Mawa lake sakambanso.

Tikamva kuti Mchaina, ife a m'makomboni timaona mwini sitolo ku Kamwala, bwana wa kampani yomanga misewu, wogula thonje ku Chipata, kapena woweta nkhuku amene anatsitsa mtengo mpaka amayi a pa Soweto kulira. Sitiona mnyamata wa zaka 18 ataima pabwalo la ndege ku London ndi masutikesi awiri, foni isanayambe kugwira netiweki, akuyesa kumva Cizungu cosafanana ndi cimene anaphunzira m'buku. Koma ameneyu ndi m'bale wake wa mwana wa kwa Mwanjawanthu amene watsika basi pa Intercity dzuwa litalowa, cikalata ca kuyunivesiti cili m'thumba, osadziwa kokwerera minibasi ya ku Kalingalinga.

Ndipo ndi ambiri. Mu 2019 mokha, Achaina oposa 700,000 anatuluka m'dziko lawo kukaphunzira kunja. M'caka ca maphunziro ca 2019/20, ku America kokha kunali ophunzira a ku China oposa 370,000, kuposa anthu onse a m'boma la Petauke. Ena amathawa mpikisano wa gaokao, mayeso a mwezi wa Juni olowera kuyunivesiti, amene mu 2024 analembetsa ana oposa 13 miliyoni. Ambiri anabadwa pa nthawi ya lamulo la mwana mmodzi, limene linagwira nchito kuyambira ca m'ma 1980 kufika 2015. Conco mnyamata wa pabwalo la ndege uja wasenza ciyembekezo ca makolo awiri ndi agogo anayi. Katundu wotere timamudziwa: ng'ombe inagulitsidwa, matumba a nshawa anapita, amalume anasonkhako. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu wina akalephera pali mng'ono wake woti ayesenso. Iye ali yekha.

Mayunivesiti a ku UK, Australia ndi America amamufuna kwambiri mwana ameneyu, cifukwa mlendo amalipira kawiri kapena katatu kuposa mwana wa m'dzikomo. Amamufuna mpaka pati? Mu 2017, masukulu awiri a pa University of Illinois at Urbana-Champaign, la zamalonda ndi la uinjiniya, anagula inshuwalansi ya madola 424,000 pa caka, kuti ophunzira a ku China akadzacepa mwadzidzidzi adzalipidwe ndalama zofika madola 60 miliyoni. Sindiwaimba mlandu pa kuwerenga ndalama. Mlimi aliyense amaopa cilala. Koma ngati fizi ya mwanayo ili ndi inshuwalansi, n'koyenera kufunsa kuti mwanayo mwiniwake ali ndi ciani.

Caka comweco, pa 9 Juni 2017, Zhang Yingying, mtsikana wa zaka 26 amene anafika pa yunivesiti yomweyo mu Epulo kudzafufuza za kakulidwe ka mbewu, anali pa ulendo wokasaina pangano la nyumba ya lendi. Basi inamusiya, nthawi inamuthera, ndipo analowa m'galimoto ya munthu amene anaima kuti amupatse lifiti. Sanaonekenso. Amene anamupha anaweruzidwa mu 2019 kukhala m'ndende moyo wake wonse, koma thupi silinapezeke. Wakupha ndi amene anapha, yunivesiti sinaphe munthu. Komabe taonani tinthu timene tinamufikitsa pakona ya msewu ija: nyumba, basi, kucedwa, ndi ucilendo wa munthu amene wakhala m'tauni miyezi iwiri cabe.

Apa ndi pamene nchito ya yunivesiti iyenera kuyambira, lekicala asanatsegule pakamwa. Zimene ambiri amacita ndi kusonkhanitsa alendo m'holo masiku atatu, akuluakulu n'kumalankhula motsatizana, kenako kuwapatsa kabuku ndi mapu. Munthu amene wakhala m'ndege usiku wonse ndipo akumva theka la mawu sangasunge kanthu pamenepo. Kumudzi mlendo sitimulozera njira ndi cala. Timaitana mwana n'kunena kuti, "Aperekezeni mpaka pakhomo." Wophunzira watsopano amafunika munthu wotere: wophunzira wa caka cacitatu wodziwa citundu cake, wodziwa mabasi, woti apite naye kukaona nyumba, kuwerenga naye pangano asanasaine, kumuonetsa kogula mpunga ndi kumene sayenera kuyenda usiku. Ndipo woperekezayo azilipidwa, cifukwa nchito yongodzipereka imatha mayeso akayandikira.

Munthu ameneyu ndi amenenso angamupulumutse kwa akuba a pa foni. Mu Julayi 2020, apolisi a ku New South Wales ku Australia ananena kuti caka cimeneco anali atapeza milandu 8 ya ophunzira a ku China amene anawacititsa kunamizira kuti agwidwa, ndipo makolo anali atalipira madola a ku Australia oposa 3 miliyoni. Kacitidwe kake n'kotere. Foni imalira, wolankhulayo akukamba Cichaina, akuti ndi wa ku embase kapena wapolisi wa ku China. Akuti dzina lako lapezeka pa mlandu, udzamangidwa kapena kubwezedwa kwanu. Mwanayo amauzidwa kuti asauze aliyense, akabisale ku hotela, adzijambule atamangidwa zingwe, ndipo cithunzico cimapita kwa amayi ake. Inu amene munalandirapo meseji yakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" mukudziwa kuti wakuba amadya pa mantha ndi cangu. Mwana woleredwa kuopa yunifomu, amene alibe woti amufunse kuti "kodi izi n'zoona?", ndiye ndiwo yake. Kumucenjeza m'citundu cake sabata yoyamba, ndi kupatsa makolo nambala imene munthu womva Cichaina amayankha, sikungadye ngakhale fizi ya wophunzira mmodzi.

Kumupatsa mlendo munthu m'malo mwa pepala si nzeru yatsopano. Yung Wing, Mchaina woyamba kutenga digiri ku America, anamaliza pa Yale mu 1854. Atabwerera kwawo anakopa boma kuti litumize ana, ndipo kuyambira 1872 anyamata 120 anapita m'magulu anayi. Sanawatsekere m'hositelo yawoyawo. Anawagawa m'mabanja a ku Connecticut ndi Massachusetts, kudya patebulo limodzi ndi ana a eni nyumba, ndipo Cizungu anacigwira msanga. Mmodzi wa iwo, Zhan Tianyou, anamaliza uinjiniya pa Yale mu 1881, ndipo ndi amene anamanga njanji ya Beijing kupita ku Zhangjiakou, yomalizidwa mu 1909, popanda mainjiniya akunja. Patapita zaka pafupifupi 60, mainjiniya a njanji a dziko lomwelo anali kuno, akumanga TAZARA ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika pa Kapiri Mposhi, pakati pa 1970 ndi 1975.

Koma nkhani ya anyamata aja ili ndi mbali ina. Akuluakulu a kwawo anaona kuti anawo azolowera kwambiri, akusewera baseball, ena akupita kuchalichi, ndipo mu 1881 anawaitana onse, ambiri asanamalize. Diso la kunyumba silinacoke mpaka lero. Mu Meyi 2024, bungwe la Amnesty International linafalitsa zimene linamva kwa ophunzira 32 a ku China ndi Hong Kong okhala ku Europe ndi North America: ambiri anali kuopa kukamba zandale ngakhale m'kalasi, ndipo ena anati apolisi anafika kwa makolo awo. Kumbali inayi, boma la America linalanda mavisa oposa 1,000 a ophunzira ndi ofufuza a ku China pofika Seputembala 2020, powaganizira kuti ali pa ubale ndi asilikali a kwawo. Ndiye taganizirani lekicala amene, pofuna kukometsa phunziro, atembenukira mtsikana mmodzi yekha wa ku China m'kalasimo n'kumuuza kuti afotokoze za Taiwan. Zili ngati inu muli m'kalasi ku Manchester mu Novembala 2020, wina n'kukuimiritsani kuti mufotokoze cifukwa cake Zambia yalephera kulipira nkhongole. Simunakongole ndinu. Ndipo inu mukayankha molakwika palibe amene agogode pakhomo la amayi anu. Yunivesiti yanzeru imalola nkhani zotere kulembedwa popanda dzina pa pepala, siilola kujambula mawu m'kalasi, ndipo imauza aphunzitsi ake kuti mwana si kazembe wa dziko lake.

M'kalasi ndimo muli nkhani yaikulu, ndipo pano ndikamba monga mphunzitsi. Aphunzitsi a kunja amadandaula kuti ophunzira a ku China sakamba, sakweza dzanja, satsutsa, ndipo ena amafika poganiza kuti m'mutu mulibe kanthu. Ine caka ciliconse ndimalandira ana ocokera kumudzi amene abwera kudzakhala ndi amalume kapena akulu awo mu Lusaka. Temu yoyamba amakhala ngati osalankhula. Ukawafunsa funso amayang'ana pansi. Ukawapatsa pepala, ena mwa iwo amalemba bwino kuposa a m'tauni amene pakamwa sipatsekeka. Mwana woleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiponso kuti kulakwitsa pagulu ndi manyazi a banja lonse, sangasinthe cifukwa cakuti silabasi yati mamaki ena ndi a kukamba m'kalasi. Mupatseni funso lero agone nalo, ayankhe mawa. Ayambe m'kagulu ka anthu atatu asanaime pamaso pa 80. Ndipo magulu azigawa ndi mphunzitsi. Mukasiya ana asankhane okha, eni dziko adzathamangira anzawo, alendo adzatsala okha pakona, kenako anthu omwewo adzanena kuti Achaina amadzipatula.

Palinso nkhani ya kukopera. Gaokao ndi mayeso athu a giredi 12 amafanana pa cinthu cimodzi: amene waloweza yankho labwino n'kulibweza monga momwe lilili amapatsidwa mamaki. Mwana yemweyo akafika kuyunivesiti yakunja n'kucita zimene zinamupambanitsa zaka 12, amauzidwa kuti waba mawu a eni, ndipo mlanduwo ungamucotsetse sukulu, visa n'kupita nayo limodzi. Kuba kulipo, sindikukana, ndipo pali makampani olembera ana maasainimenti amene amawasaka pa WeChat. Koma kulemba maganizo ako n'kuonetsa pamene watenga a mnzako ndi luso lophunzitsidwa, m'phunziro lenilenilo, caka conse coyamba. Mamaki a IELTS amene yunivesiti inamulandira nawo amangonena kuti anapambana mayeso a IELTS. Satanthauza kuti adzamumva dalaivala wa basi wa ku Glasgow.

Dzina nalonso. Mu Febuluwale 2017 pa Columbia University ku New York, anthu ena anang'amba timapepala ta maina a Cichaina pa zitseko za m'mahositelo. Ophunzirawo anayankha ndi vidiyo mmene aliyense anachula dzina lake n'kumasulira tanthauzo lake. Ife a maina ngati Misozi, Mabvuto, Tisauke ndi Ganizani tikudziwa kuti m'dzina muli nkhani ya banja lonse. Achaina ambiri amadzipatsa dzina la Cizungu kuti asavutitse aphunzitsi, monga agogo athu amene anacokera ku mishoni ya Minga kapena ya Nyanje ndi maina atsopano. Amene akufuna conco acite. Koma kuphunzira kuchula maina 40 a mu rejista ndi nchito ya madzulo amodzi, pamodzi ndi kudziwa kuti kwawo ciwongo cimayamba: Zhang uja ndiye ali ngati Tembo kapena Mwanza.

Covuta kuposa zonse n'cimene siciwoneka. Kwawo ndi kwathu n'cimodzimodzi, munthu sapita kwa mlendo kukakamba za mumtima. Amati mutu ukupweteka, tulo sitikubwera. Akaimba kunyumba amati zonse zili bwino, monga mmene inu mumayankhira amayi a kumudzi mutagona ndi njala. Ofesi ya uphungu yokhala ndi cikwangwani pacitseko, yodikira masabata angapo, yokamba Cizungu cokha, mwana wotere saipondamo. Pafunika mlangizi womva citundu cake, koma asanafike kumeneko pafunika wina woona kuti mpando uja wakhala wopanda munthu masabata atatu, n'kupita kukagogoda.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena pamene mukuwerenga pa foni: tiwamvere cifundo cifukwa ciani, iwo amatisunga bwanji kwawo? Funsolo ndi labwino. Mu 2018 ku China kunali ophunzira a ku Africa oposa 81,000, ndipo a ku Zambia ali momwemo, ena pa maphunziro olipiridwa ndi boma, ena makolo akutuluka thukuta kulipirira udokotala ndi uinjiniya. Ana anga a giredi 12 amandifunsa za mafomu amenewa caka ciliconse. Pa 24 Disembala 1988, mkangano wa pa geti la Hohai University ku Nanjing unasanduka zipolowe za masiku angapo zolimbana ndi ophunzira a ku Africa. Mu Epulo 2020 ku Guangzhou, anthu akuda anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela powanamizira kuti akufalitsa Covid-19, lesitilanti ina ya McDonald's inaika cikwangwani cowaletsa kulowa, ndipo akazembe a maiko a mu Africa ku Beijing analemba kalata yodandaula. Zimenezi zinacitika, ndipo palibe cifukwa cozibisira.

Koma yang'anani mmene ophunzira a ku Africa anali kukhalira ku Nanjing. Anali m'mahositelo awoawo, akulandira ndalama zambiri kuposa ana a eni dziko, ndipo mlendo wawo anali kulembetsa dzina pa geti. Anthu awiri amene sadyera pamodzi amadziwana kudzera m'mphekesera. Matenda ake ndi omwewo a ku Duke, wasintha ndi wodwala cabe. Cinthu cimodzi cimene a ku China amacita bwino, ndipo a kumadzulo angatengereko, n'cakuti wobwera pa maphunziro a boma amene adzaphunzire m'Cichaina amapatsidwa caka cathunthu ca cinenero asanayambe digiri. Amavomereza kuti lilime limafuna nthawi.

Nanga kuno? Basi yocokera ku Petauke, itadutsa Nyimba ndi Luangwa Bridge, imapitirira pa geti la UNZA isanafike pa Intercity, cifukwa Great East Road ndi yomweyo. Mkati mwa geti limenelo muli Confucius Institute, imene inatsegulidwa mu 2010 mogwirizana ndi Hebei University of Economics and Business, ndipo mu 2019 boma linalengeza kuti Cichaina ciziphunzitsidwa m'masukulu a sekondale. Ife tikuphunzira cawo. Cathu ndani akuwaphunzitsa? Ku Beijing Foreign Studies University amaphunzitsa Ciswahili ndi Cihausa kuyambira m'ma 1960, ndiye kufuna kulipo. Palinso ana a Achaina amene akukulira mu Lusaka, Kitwe ndi Chipata, amene ana athu amawakuwiza kuti "choncholi" pamsewu, ndipo ena a iwo mawa adzagogoda pa UNZA, CBU kapena Mulungushi.

Kasungidwe ka mlendo sitifunika kukakaphunzira kutali. A Peace Corps, amene ali m'Zambia kuyambira 1994, amaika acinyamata a ku America m'mabanja a kumudzi kwa masabata angapo kuti aphunzire citundu asanayambe nchito, ndipo ena amatuluka akukamba Cinyanja coti ungagulire naco mbuzi. Boma la Petauke linasunga othawa nkhondo a ku Mozambique ku Ukwimi kuyambira 1987. Yunivesiti ingathe kutumiza wophunzira zaulimi wa ku China kukakhala ndi banja ku Kaumbwe pa nthawi yokolola, banjalo n'kulipidwa bwino, iye n'kutola thonje, kulinyamula pa ngolo kupita ku depoti, n'kuima pambali pa sikelo kumva zimene mlimi amanena mtengo ukachulidwa.

Cimene ndikuopa ndi cimodzi. Malo ogona m'mayunivesiti athu ndi ocepa, aliyense akudziwa za kusikwata, anthu anayi kapena asanu m'cipinda ca awiri. Tsiku limene alendo olipira madola adzaculuke, padzapezeka bwana wina woganiza zowamangira hositelo yawoyawo, ya madzi otentha ndi mlonda pa geti, pamene mwana wa ku Kaumbwe akugona pansi ku Kalingalinga. Imeneyo ndi Nanjing, ndipo tidzaimanga ndi manja athu. Ngati madola amange mabedi, amange a onse, ndipo mlendoyo apatsidwe cipinda cimodzi ndi wa ku Nyimba, sitovu imodzi, mapoto awiri. Adzakangana za fungo la kapenta ndi la adyo, za amene wasiya mbale zosatsuka, ndi za foni yolira 03:00 koloko usiku cifukwa ku Beijing ndi 09:00 koloko m'mawa ndipo amayi akufuna kudziwa ngati mwana wadya.